Sakumvera mawu athu, akutero. Nanga akusungiranji mapazi athu?

Mu 2010 bungwe la MACRA linagula makina otchedwa CIRMS ku kampani ya ku America ya Agilis International, pa mtengo wa madola pafupifupi 6.8 miliyoni. Amalawi sanachedwe kuwapatsa dzina lowayenera: "spy machine". Khoti Lalikulu linawaletsa mu 2012, koma mu 2014 Khoti la Apilo linalola kuti agwire ntchito.

MACRA imati makinawa samvera zimene timayankhula, amangoyeza ubwino wa netiweki ndi ndalama zimene makampani a foni amapeza. Chabwino. Koma kaundula wa mafoni amasonyeza amene waimba, amene waimbiridwa, nthawi yake, kutalika kwa macheza ndi nsanja ya netiweki imene munali nayo pafupi. Kuyambira 2018 nambala iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Choncho kaundulayo ali ndi dzina lanu ndi nkhope yanu.

Taganizirani mayi wa ku Marka amene amaimbira abale ake kutsidya ku Mozambique, amalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo sabata ino waimbira mtolankhani katatu chifukwa chimanga cha anthu ovutika ndi madzi osefukira chasowa. Safunika kumumvera ayi. Mapazi ake anena kale zonse, ndipo amene anaba chimangacho akakhala ndi mnzake pamwamba, adziwa khomo loti agogode.

Ena mumati, "Ine ndilibe chobisa." Ife a ku Nsanje tisamayankhule choncho. Gwanda Chakuamba, mwana wa kwathu konkuno, anali nduna yamphamvu ya Kamuzu, koma mu 1980 anamangidwa pa mlandu woukira boma chifukwa cha mawu, ndipo anatuluka mu 1993. Chobisa sasankha ndi inu. Amasankha ndi amene ali pampando. Mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata cha boma. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha makalata ndi mafoni athu. Mu 2024 lamulo loteteza uthenga wa munthu payekha litayamba kugwira ntchito, udindo woliyang'anira unapita kwa MACRA yomweyo. Uku n'kutuma fisi kuti alondere khola.

Zofuna zathu n'zitatu. Pasakhale wapolisi kapena wa boma wotsegula kaundula wa foni ya munthu popanda chilolezo cha khoti. Woteteza uthenga wathu akhale bungwe loima palokha, losiyana ndi mwini makina. Ndipo chaka chilichonse Nyumba ya Malamulo iuzidwe poyera kuti manambala angati anafufuzidwa, ndi ndani, chifukwa chiyani.

Phungu wa kwanu akadzabwera ndi mipira ya bonanza, mulandire mpirawo, kenako mumufunse kuti pa zitatuzi waimapo pati.