Sitima yoyenda ndi chala

Loweruka lapitali ndinapeza mdzukulu wanga ali zyoli pakhonde kwathu ku Natuseko, kuno ku Kabwe, maso pa foni yong'aluka galasi. Ndinkayesa ndi TikTok ya masiku onse ija, koma ayi, ankajambula sitima ndi chala pa FlipaClip. Chithunzi choyamba, chachiwiri mawilo atasuntha pang'ono, chachitatu utsi utakwera. Zitakwana 12 anadina, sitima n'kuyenda sekondi imodzi yokha. "Agogo, taonani, ikupita ku Kapiri!"

Mtima unandibwezera kwa atate ake, omwe cha m'ma 2008 ankathera tindalama tawo pa makompyuta olipira m'tauni, kuphunzira Flash. Pulogalamuyi inabadwa mu 1996 ikutchedwa FutureSplash Animator. Macromedia inaigula chaka chomwecho n'kuipatsa dzina la Flash, kenako mu 2005 Adobe inagula Macromedia. Flash inkasunga chithunzi ngati mizere yowerengeredwa, osati kadontho ndi kadontho, choncho fayilo inkachepa n'kumatseguka ngakhale pa intaneti yathu yokwawa ija. Ndiponso ukaika sitima kumanzere poyambira, kumanja pothera, zapakati kompyuta inkadzaza yokha.

Anaigwetsa ndi mafoni. Mu 2010 Steve Jobs analemba poyera chifukwa chake sankaifuna pa iPhone: imadya batire, chitetezo chake n'chofooka. HTML5 inayamba kugwira ntchito yomweyo, ndipo pa 31 December 2020 Flash Player inatha. Mbali yojambulira ndiyo inapitirira, pa dzina la Adobe Animate kuyambira 2016.

Ine sindilira maliro a Flash. Pulogalamu ina yojambulira, Blender, yakhala yaulere chiyambire 2002, ndipo filimu ya ku Latvia yotchedwa Flow, yopangidwa ndi pulogalamu yomweyi, inapata Oscar mu 2025. Chimene chimandidya mtima ndi china. Katuni ya Supa Team 4, imene Netflix inatulutsa mu 2023, ndi maganizo a Malenga Mulendema, mwana wa kuno ku Zambia, ndipo nkhani yake imachitikira ku Lusaka. Ndinanyadira. Koma makampani oipanga anali Triggerfish ya ku Cape Town ndi Cake ya ku London.

Kodi Kabwe akusowa nkhani? Chigaza chomwe chinafukulidwa mumgodi wathu wa Broken Hill mu 1921 chidakali ku London. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, koma mtovu wake udakali m'dothi limene ana amaseweramo ku Chowa ndi Kasanda. Nkhani zotere ziyenera manja a ana amene akupuma fumbi limeneli. Aphunzitsi a makompyuta m'sukulu zathu, ndikukupemphani: pamakina ochepa muli nawowo, ikanipo Blender, ana asamangophunzira kutaipa kalata.

Madzulo a tsikulo magetsi anathima, foni nayo n'kuzima. M'mawa ndinapeza mnyamata uja akujambula mabogi atatu pakona pa masamba a kope lakale, n'kumawapenula ndi chala chachikulu kuti sitima iyende.