Penshoni ya ku Britain isamaume munthu akabwerera kwawo

Munthu amene wakhetsa thukuta ku Britain zaka 35 akapuma pantchito n'kukakhala ku Spain, penshoni yake ya boma imakwera chaka chilichonse. Koma akasankha kukapumira ku Malawi, Zambia kapena South Africa, ndalamayo imaima pomwepo mpaka imfa, chifukwa maikowa alibe mgwirizano wokweza penshoni ndi boma la ku London. Kumeneku n'kukondera, popeza onsewa anasonkha mofanana. Ena amati moyo wakuno ngotchipa, paundi imagula zambiri. N'zoona akangofika, koma gogo wa zaka 80 amafuna mankhwala a shuga, womusamalira, ndiponso galimoto yomuthamangitsira kuchipatala usiku, ndipo mitengo ya zonsezi imangokwera. Komanso pochoka ku Britain paja wapeputsira katundu zipatala za boma za NHS, bedi lake agonapo wina.