NZIKA YA KU MPANSHYA ISASANDUKE MLENDO CIFUKWA CA PEPALA

Pa 5 Januwale 2016, Pulezidenti Edgar Lungu anasaina Malamulo Oyendetsera Dziko okonzedwanso, pamaso pa khamu la anthu mu mzinda wa Lusaka. Malamulo amenewa analongosola momveka za munthu amene ali nzika ya Zambia ndi za amene angapemphe unzika. Koma lamulo lolembedwa ku likulu limayesedwa kumudzi. Ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa, makilomita oposa 150 kum'mawa kwa Lusaka, muyeso wake uli pa anthu amene dziko ndi lao ndithu koma alibe pepala locitira umboni. Boma ndi mafumu ayenera kugwirana manja kuti anthu otere alembedwe msanga.

Gawo 35 la Malamulowo likunena kuti munthu ndi nzika yobadwa ngati pa tsiku la kubadwa kwake kholo lake limodzi linali nzika, kaya ndi bambo kaya ndi mai. Likunenanso kuti mwana wopezeka m'dziko muno wosapitirira zaka 8, amene makolo ake ndi dziko lake sizidziwika, ayesedwe nzika yobadwa. Gawo 37 likupatsa mwai munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo kuti apemphe unzika ngati anabadwira muno ndipo wakhalamo zaka 5, kapena ngati wakhala muno zaka 10 zotsatizana. Amene wakhala pa ukwati ndi nzika kwa zaka 5 nayenso angapemphe. Gawo 39 linathetsa lamulo lakale loletsa munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Mapempho onsewa amaweruzidwa ndi bungwe la Citizenship Board of Zambia, motsatira Lamulo la Unzika la nambala 33 la caka ca 2016.

Malamulo ndi abwino, koma ofuna thandizo lake ku Mpanshya ali m'magulu awiri, ndipo gulu lililonse lili ndi mtolo wake.

Gulu loyamba ndi la nzika zenizeni zosowa umboni. Lamulo la 1973 linalamula kuti mwana aliyense wobadwa m'Zambia alembedwe. Komabe kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa caka ca 2018 anapeza kuti ana 14 okha mwa ana 100 osakwana zaka zisanu ndiwo anali olembedwa. Mwana wosalembedwa akafika zaka 16, msinkhu wotenga ciphaso ca NRC cimene anthu amacicha regi, amafunsidwa khadi la ku sikelo ndi mboni yolumbira kuti ikudziwa kubadwa kwake. Mwana wamasiye woleredwa ndi agogo amene regi yao inapsa ndi nyumba amabwerera cimanjamanja. Popanda regi yobiriwira munthu salembetsa kuvota, salandira feteleza wa thandizo la Boma, satsegula buku ku banki, ndipo ngakhale nambala ya lamya salembetsa m'dzina lake. Akadzabereka, ana ake amalowa m'dzenje lomwelo, cifukwa umboni wa mwana umacokera pa umboni wa kholo.

Gulu laciwiri ndi la anthu amene makolo ao anacokera kunja kalekale. M'zaka za Citaganya, kucokera 1953 kufikira 1963, anthu a ku Nyasaland ndi Southern Rhodesia anali kubwera kudzagwira nchito ndi kulima kuno. Pambuyo pake nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inathamangitsa zikwi za anthu a ku Tete. Ambiri anasungidwa pa Ukwimi m'cigawo ca Kum'mawa ndipo anabwerera kwao nkhondo itatha, koma ena analandiridwa ndi abale m'midzi, nakwatira, nakhazikika. Rufunsa ali pa mseu waukulu wopita ku Chipata ndipo acita malire ndi boma la Luangwa, loyang'anizana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Lamulo la Unzika la 2016 litalembedwa, linamasulira mau akuti kukhala m'dziko kuti ndiko kukhala ndi cilolezo ca ofesi ya Imigireshoni. Motero munthu amene anaoloka mtsinje usiku pothawa mfuti anapeza kuti zaka zake zonse za kulima ndi kulera ana sizinawerengedwe. Pamwamba pa ici pali ndalama zolipirira pempho, cilengezo ca m'nyuzipepala, ndi maulendo a ku Lusaka, zimene mlimi wa cimanga sangazikwanitse ndi zokolola za caka cimodzi.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Koma munthu amene anaika maliro a makolo ake m'manda a mudzi, nagwira nao nchito youmba njerwa za sukulu, nakwatitsa ana ake kwa Asoli a Mfumu Mpanshya, sali mame. Mizu yake ili pansi, ndipo lamulo liyenera kuiona.

Mbiri ya dziko lino ikucenjeza za kuopsa kosewera ndi unzika. Mu 1994 William Banda ndi John Chinula, atsogoleri a cipani ca UNIP, anapirikitsidwira ku Malawi pa mlandu wakuti sanali nzika. Chinula anamwalirira komweko, ndipo mu 1999 bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linagamula kuti Zambia inalakwa. Mu 1996 Malamulo anasinthidwa kuti wopikisana pa Upulezidenti akhale ndi makolo onse awiri a ku Zambia. Mu 1999 Khoti Lalikulu la ku Ndola linanena kuti Dr Kenneth Kaunda, wobadwira ku Lubwa m'boma la Chinsali mu 1924, amene anatsogolera dziko zaka 27, analibe dziko, popeza makolo ake anacokera ku Nyasaland. Cigamulo cimeneco sicinakhalitse, ndipo lamulo la makolo awiri linacotsedwa mu 2016. Ngati tate wa mtundu anafunsidwa za kwao, nanga mai wamasiye wa m'mudzi wa kutali adzamuimirira ndani?

Alipo amene amati kufewetsa njira kudzatsegulira khomo akuba ndi ozembetsa katundu, ndi kuti alendo ena amagula mboni zabodza kuti atenge regi yobiriwira. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo wolumbira bodza kapena wogulitsa ciphaso ca Boma ayenera kulangidwa kolimba, cifukwa akugulitsa dziko. Koma cinyengo cimakula kumene kulibe kaundula. Dzina la munthu si umboni. A Banda, a Phiri ndi a Tembo ali mbali zonse za malire amene atsamunda anadula, ndipo caka ndi caka Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Wolembera amene amakana munthu cifukwa ca kalankhulidwe kapena mfunda wake waphwanya lamulo limene analumbira kulisunga.

Nchito yofunika kucitika ndi yodziwika. Coyamba, mwana aliyense wobadwira pa cipatala ca St Luke's ku Mpanshya ndi m'zipatala zazing'ono za Rufunsa alembedwe mai asanatuluke, ndipo cikalata cifike m'manja mwa makolo. Caciwiri, olembera oyendayenda afike m'madera a Mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda caka ciliconse, osati pokhapokha masankho akayandikira. Makina a INRIS, olemba anthu pa kompyuta ndi zidindo za zala, amene Boma linakhazikitsa mu 2022, adzakhala ndi phindu akafika kumudzi. Cacitatu, anyakwawa atsitsimutse kaundula wa mudzi amene lamulo la 1971 linawapatsa, ndipo umboni wa kaundulayo ulandiridwe ndi ulemu m'maofesi. Cacinai, mapempho a unzika alandiridwe pa boma la Rufunsa, wopempha auzidwe m'cinenero cake zofunika zonse, ndipo yankho lifike pa nthawi yodziwika. Cacisanu, Nyumba ya Malamulo ipeze njira yakuti zaka za anthu okhazikika kalekale ziwerengedwe pa umboni wa mafumu, masukulu ndi mipingo.

Makolo naonso ali ndi udindo wao. Asunge makhadi a ku sikelo pamalo osafika ciswe ndi moto, aperekeze ana ao a zaka 16 kukatenga regi, ndipo akane aliyense wowapempha kulumbirira munthu amene samdziwa. Zambia Imodzi, Mtundu Umodzi ndi lonjezo limene dziko linapanga pa ufulu wa 1964. Lonjezolo lidzakwaniritsidwa ku Mpanshya pa tsiku limene mwana aliyense wa m'dera limeneli adzakhala ndi dzina m'buku la dziko lake.