Msilikali Naye Amapukwa Kwawo

Anzanga, m'mudzi mukangomveka kuti mwana wa auje wapita ku Congo ndi asilikali a MDF kokasungitsa mtendere, nkhani imakhala imodzi basi: madola. "Ameneyo zake zayera, akadzabwera amanga ya malata." Ena mpaka kulemberatu mndandanda: fetereza, fizi, foni. Ine ndikuti tikuwalakwira anthu amenewa.

Yunifolomu siichotsa mtima wa munthu. Msilikali akakhala pa ulonda usiku m'nkhalango za ku Beni, maganizo amathawira kumudzi: mayi ake okalamba, nsima ya mgaiwa ndi chigwada, kamwana kamene kayamba kuyenda iye kulibe. Paja kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Tinazolowera zoti mwamuna salira, nanji msilikali. Koma amene mumawerenga Baibulo mukukumbukira Davide. Munthu woti anagwetsa Goliyati, ali kunkhondo analakalaka madzi a pachitsime cha kwawo ku Betelehemu. Ndiye Davide tizimuti wamantha? Kupukwa si mantha ayi.

Ena muti, "Ntchito anaisankha yekha, ndipo amalipidwa." Inde amalipidwa. Koma mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Mu 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo, koma wokailandira ku New York anali mkazi wake. Nanga dola ingabweze bambo pakhomo?

Munthu wokhala pafupi ndi imfa chonchi amagwira Mulungu ndi manja awiri, kaya ndi Mkhristu kaya ndi Msilamu. Nthawi ya ku Beni ndi ya kuno ndi imodzimodzi. Iye akamagwada Lamulungu m'mawa amadziwa kuti kwawonso belu lalira, mayi ake akumutchula dzina m'pemphero. Chimamulimbitsa mtima nchimenecho.

Ndiye amene muli ndi achimwene kapena amalume kunja kumeneko, akaimba foni musamayambe ndi "titumizireni kangachepe". Auzeni kuti chimanga chamasula, mbuzi yaswa awiri, Bullets yachinya zingati, mayeso a JCE mukukonzekera bwanji. Ndipo ife a SCOM ndi YCS, tikakumana tisamangopempherera mayeso okha. Tiziwakumbukiranso asilikali athu ndi mabanja amene akuwadikira.

Wophunzira wa Fomu 2