Cakudya ca m'cikwama: kubisa ndiko kudwalitsa ana

Nyengo ya maukwati ndi makicheni pati ikafika, Loweruka liri lonse maholo a mu Chipata amadzaza, ndipo eni zikondwerero ambiri masiku ano amakonda njira ya buffet: zakudya zimandandalikidwa pa thebulo lalitali, munthu atenga mbale nadzipakulira yekha mpaka atakhuta. Mahotela nawonso ali ndi dongosolo lomweli, pomwe mtengo ndi umodzi kaya munthu adye pang'ono kaya adye zambiri. Koma wopenya bwino adzaona kapulasitiki kakuda kali pa miyendo, pansi pa nsalu ya thebulo. Mwendo wa nkhuku ulowa mmenemo, mpunga utsatira, saladi pamwamba, ndipo kapulasitikiko kamangidwa msanga nikalowa m'cikwama.

Ambiri amaseka mkhalidwe umenewu nati ndi umbombo. Si nthawi zonse. Mai amene wasiya ana anai ku Mchini kapena ku Nabvutika, ana oti sabata yonse adyera repu ndi kapenta, sangameze nyama mtima uli m'malo. Kunyamulira ana kanthu pocokera ku phwando ndi mwambo wakale ndiponso wabwino. Koma kumudzi eni phwando ndiwo anali kugawa zotsala, poyera, onse atadya, ndipo wolandira anali kuomba m'manja. Cimene casintha m'tauni ndi cakuti munthu adzigawira yekha, mobisa, phwando likali pakati. Kubisa kumeneku ndiko kwaononga mwambowo.

Pa ukwati, banja limalipira wophika molingana ndi ciwerengero ca oitanidwa. Ngati analipirira mbale 200, nyama iri pa thebulo ndi ya anthu 200 basi. Amene ali patsogolo pa mzere akatenga nthuli zitatu, imodzi ya m'kamwa ziwiri za m'cikwama, wina kumbuyo adzapeza msuzi wokhawokha. Ndipo amene amakhala kumbuyo amadziwika: agogo ocokera ku Chadiza kapena ku Vubwi amene sadziwa kukankhana, ndi azimai amene akhala pa moto kuyambira mbandakuca. Wobisayo amaganiza kuti walanda olemera, pamene walanda nkhalamba.

Ku hotela nkhani ndi yapafupi. Pangano la buffet ndi lakuti munthu adye za mimba yake ali pomwepo. Wodya m'hotela amene waitanitsa mbale yakeyake naisiya pakati ali ndi ufulu wonse wopempha kuti amukulungire, pakuti analipira mbaleyo. Wa pa buffet analipira kukhuta kwake, sanalipire cakudya ca mawa ca banja lonse. Akafuna kunyamula afunse, ndipo akamukaniza asakwiyire woperekera zakudya, amene ali cabe pa nchito. Mahotela ambiri amakana pa cifukwa cinanso: safuna kuti cakudya cikaonongekere kunyumba, dzina loipa nkubwerera kwa iwo.

Pamenepa ndi pamene pali nkhani yeniyeni ya zaumoyo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, limaphunzitsa kuti cakudya cophika cisakhale poyera kupitirira maola awiri. Ciyenera kusungidwa cotentha kuposa madigiri 60 kapena cozizira pansi pa madigiri 5, cifukwa pakati pa malire awiriwa tizirombo timaswana mofulumira. Tizirombo tina timawirikiza kawiri pa mphindi 20 ziri zonse, kotero kuti kamodzi kokha kangathe kubala toposa 2 miliyoni m'maola asanu ndi awiri.

Tsono ulendo wa mpunga wa m'cikwama uli motere. Unaphikidwa 9 koloko m'mawa. Akwati acedwa kujambulitsa zithunzi, alendo ayamba kudya 3 koloko masana, timoto ta pansi pa mbale zazikulu titazima kale. Mpunga ulowa m'pulasitiki ukali wofunda, ndi manja amene angopereka moni kwa anthu makumimakumi ndi kugwira ndalama zofupira akwati. Cikwama cikhala pa mpando nthawi yonse ya magule, m'kutentha kwa Okutobala, kenaka cikwera minibasi. Kunyumba afika usiku ana atagona. Ngati filiji iripo, mwina magetsi palibe, monga mabanja anaonera mu 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi pa damu la Kariba ndipo magetsi anali kusowa pafupifupi tsiku lonse. Mwana adzadya mpungawo m'mawa mwace, patapita nthawi yofika tsiku lathunthu kucokera pamene unaphulidwa.

Azimai ambiri amakhulupirira kuti kutenthetsanso pa mbaula kumakonza zonse. Pa mpunga si zoona. Mu mpunga wosaphika mumapezeka kacirombo ka Bacillus cereus, kamene njere zake sizifa pophika. Mpunga ukazizira pang'onopang'ono njerezo zimadzuka, ziswana, nizitulutsa ululu umene moto wa pa mbaula suutha. Wodya amayamba kusanza pasanathe maola asanu ndi limodzi. Kacirombo kena, Staphylococcus aureus, kamakhala pa khungu, m'mphuno ndi pa zilonda za anthu, ngakhale abwinobwino, ndipo kamakonda nyama yophika, mazira ndi saladi za mayonezi zimene zagwidwa ndi manja. Ululu wake nawo supsa. Coopsa ndi cakuti cakudya cotere sicinunkha, sicisintha maonekedwe, ndipo cimakoma monga dzulo. Mphuno siingathe kuweruza.

Wamkulu angasanze tsiku limodzi nacira. Mwana wosakwana zaka zisanu amatha madzi m'thupi mwamsanga, cimodzimodzi nkhalamba, mai wapakati ndi munthu amene thupi lake ndi lofooka kale. Awa ndiwo amene cakudya ca m'cikwama cimawapeza, pakuti ndiwo amatsala pa nyumba. M'nyengo ya mvula paonjezekanso kolera, imene imayenda m'madzi ndi m'zakudya zogwidwa ndi manja osasamba. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'Zambia nupha oposa 700, mpaka bwalo la National Heroes Stadium mu Lusaka linasandutsidwa cipatala.

Kuletsa anthu kunyamula sikudzatheka, ndiponso kutaya cakudya cabwino m'dzala ana a m'komboni ali ndi njala ndi chimo lina. Cofunika ndi cakuti eni phwando abwezere mwambo m'manja mwao. Woyendetsa mwambo alengeze asanayambe kudya kuti zotsala zidzagawidwa onse akatha, ndipo akomiti akonzeretu timakontena toyera tokhala ndi zotsekera. Munthu wodziwa kuti gawo lake likubwera sabisa. Wogawa asambe m'manja ndi sopo, agawe ndi supuni, ndipo akhale wolimba mtima kunena kuti mpunga ndi saladi zakhalitsa, sizipita kwa munthu ali yense.

Zoyenera kunyamula ndi zouma: zitumbuwa, masikono, mabisiketi, keke yopanda kirimu, zipatso zosasenda ndi zakumwa zosatsegula. Nyama kapena nkhuku ingatengedwe ngati inali yotentha ndithu pa nthawi yogawa ndipo kunyumba ndi pafupi. Ikafika idyedwe pomwepo itatenthetsedwanso mpaka nthunzi ituluke pakati peni-peni, kapena ilowe m'filiji yogwira nchito. Isatenthetsedwe kawiri. Cakudya cimene cakhala m'mbale yodyeramo munthu wina, cokhudzidwa ndi supuni ya m'kamwa, si mphatso yopatsa mwana.

Mwana akayamba kusanza kapena kutsekula m'mimba, apatsidwe madzi a moyo pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Ngati mapaketi a ku kiliniki palibe, lita imodzi ya madzi owiritsa isakanizidwe ndi timasupuni ta tiyi tisanu ndi kamodzi ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mcere. Woyamwa apitirize kuyamwa. Akalefuka, maso akalowa, akakana kumwa, cimbudzi cikakhala ca magazi kapena camadzi ngati otsukira mpunga, athamangire naye ku kiliniki ngakhale usiku. Kumeneko anamwino adzafunsa cimene mwana anadya dzulo. Azimai ena, pocita manyazi ndi kapulasitiki kaja, amayankha kuti anadya phala lokha. Anamwino afunika kumva za mpungawo, nthawi imene unadyedwa, ndi ngati ana ena pa nyumba anadyako.