Nkhokwe Yobisika Pansi pa Khasu

Chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti ukangolowa, thambo la dziko la Malawi limachita chimbuuzi. Munthu woyenda madzulo pa msewu wochokera ku Lilongwe kunka ku Kasungu amaona moto uli lawilawi mbali zonse: ena akusosa m'minda, ena akusaka mbewa, enanso angoyatsa tchire popanda chifukwa chodziwika. Pofika Okutobala minda imakhala yakuda bii, lupsa lokhalokha. Kwa anthu ambiri chimenechi ndi chizindikiro cha mlimi wakhama amene wakonzekera mvula yoyamba. Komatu akatswiri a nthaka amaona zina. Iwo amati mu utsi umenewo mumauluka chakudya cha munda, ndiponso kuti nkhani ya mapesi otenthedwa ndi nkhani ya kusintha kwa nyengo zimakumana pamodzi.

Zakuti nyengo yasokonekera sizifunanso mboni. M'mwezi wa Januwale 1922 kunalibe amene akanalota zimene zinachitika zaka 100 pambuyo pake, mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula damu la magetsi la Kapichira pa mtsinje wa Shire. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a Soche ndi Mulanje, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chaka chotsatira mvula inadula, chimanga chinapserera, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi.

Gwero la kutentha kwa dziko lapansi ndi mipweya imene imatsekereza kutentha kwa dzuwa kuti kusabwerere kumwamba, ndipo waukulu mwa iyo ndi kaboni dayokosaidi. Mafakitale asanayambe ku Ulaya, mpweya umenewu unali magawo pafupifupi 280 mwa magawo miliyoni a mlengalenga. Pamene Charles David Keeling anayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, unali utafika pa 315. Pofika 2024 unali utapitirira 420. Wochuluka wachokera ku malasha, petulo ndi gasi, koma gawo lina lachokera m'nkhalango zogwetsedwa ndi m'nthaka yolimidwa.

Tsono nthaka ikulowapo bwanji? Chomera chilichonse chimakoka kaboni dayokosaidi ndi masamba ake, ndipo mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa chimamangira thupi lake kaboniyo. Phesi louma la chimanga, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni. Chomeracho chikafa, chiswe, nyongolotsi, nkhungu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timachidya. Kaboni wambiri amabwerera m'mlengalenga pamene tizilomboto tikupuma, koma wina amatsalira, nakakamira ku timibulu ta dothi, makamaka dothi lamakande, ndipo akhoza kukhala momwemo zaka makumi kapena mazana. Mizu imasiya wochuluka kuposa masamba, poti imafera pansi pomwepo. Chimene mlimi amachitcha chonde, dothi lakuda lofewa lija la pansi pa mtengo kapena pa khola lakale, kwakukulu ndi kaboni ameneyu.

Nkhokwe yake si yamasewera. Mu mita imodzi yapamwamba ya nthaka ya dziko lonse lapansi muli matani pafupifupi 1,500 biliyoni a kaboni wotere, kuposa amene ali m'mlengalenga ndi m'zomera zonse zamoyo ataphatikizidwa. M'chigwa cha mtsinje wa Congo mokha, akatswiri analengeza mu 2017 kuti zithaphwi za kumeneko zikusunga matani pafupifupi 30 biliyoni. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho anaonetsa kuti chiyambire ulimi, nthaka yataya matani oposa 100 biliyoni.

Kutayika kwake n'kosavuta, makamaka m'dziko lotentha momwe zinthu zimaola msanga. Khasu likagalauza mizere chaka chilichonse, mphepo imalowa m'dothi, tizilombo timadya mofulumira, ndipo kaboni amauluka. Moto umatha mapesi amene akanabwezera zimene zatayikazo; phulusa limasiya mchere pang'ono, koma nayitrojeni amapita ndi utsi. Kenaka mvula yoyamba imapeza nthaka ili pamtetete. Kafukufuku wa bungwe la FAO ndi anzake anapeza kuti mu 2014 dziko la Malawi linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Dothi limene limakokoloka ndi lapamwamba, lachonde lenilenilo, ndipo limakathera m'mitsinje ndi m'madamu a magetsi.

Pa msonkhano wa zanyengo wa ku Paris mu Disembala 2015, dziko la France linabwera ndi ganizo lotchedwa "4 pa 1,000". Mfundo yake inali yakuti kaboni wa m'nthaka yapamwamba atamawonjezeka ndi magawo anayi pa 1,000 chaka chilichonse, kuchuluka kwa kaboni dayokosaidi m'mlengalenga kukanachepa liwiro kwambiri. Ganizolo linakoma m'makutu, koma akatswiri ambiri anachenjeza. Nthaka ili ngati nkhokwe iliyonse: imadzaza. Pakapita zaka makumi angapo, munda wosamalidwa bwino umaleka kuwonjezera kaboni. Ndiponso zimene zasonkhanitsidwa zaka 20 zikhoza kutha m'zaka zochepa ngati mwini munda watsopano abwerera ku moto ndi kugalauza. Ngakhale ulimi wa mtayakhasu, umene wakhala ukulalikidwa kwambiri, wapezeka kuti suwonjezera kaboni wochuluka pamene mapesi ophimbira ali ochepa. Motero aliyense wonena kuti nthaka ya mlimi wa ku Dowa idzameza utsi wa mafakitale a ku China, America ndi Ulaya akunamiza anthu. Malawi ali m'gulu la maiko amene amatulutsa mpweya wochepetsetsa pa munthu aliyense, ndipo mlandu waukulu uli kwa otentha malasha ndi mafuta.

Phindu lenileni kwa mlimi lili pafupi, m'munda momwemo. Dothi lokhala ndi zowolerana zambiri limamwa madzi m'malo mowathamangitsa, ndipo limasunga chinyontho pamene mvula yadula milungu iwiri kapena itatu chimanga chili pa ngaiyaye. Limagwiranso feteleza kuti asasuluke. Ichi n'chifukwa chake thumba limodzi la feteleza limabereketsa bwino m'munda wina, pamene m'munda woyandikana nawo, woguga, limangokhala ngati latayidwa. Dziko limene limawononga ndalama zakunja zochuluka pogula feteleza liyenera kuda nkhawa ndi zimenezi.

Njira zake si zachilendo. Makolo a m'mbali mwa nyanja, ku Salima ndi madera ena, ankausiya mtengo wa msangu m'munda podziwa khalidwe lake lodabwitsa: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba mbewu, ndipo pansi pake chimanga chimachita bwino. Pa malo a kafukufuku a Makoka, pafupi ndi Zomba, akatswiri anayamba mu 1992 kubzala chimanga pamodzi ndi mitengo ya gliricidia, namakwirira masamba ake. Zokolola zinakwera ndipo kaboni wa m'nthaka anachuluka kuposa m'minda ya chimanga chokha. Ku Ekwendeni, kuyambira chaka cha 2000, alimi akhala akusakaniza nandolo ndi mtedza, nakwirira zotsalira zake. Boma nalo linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030.

Nanga n'chifukwa chiyani moto sukuzima? Mlimi si wopusa ayi. Mapesi omwewo ndiwo chakudya cha ng'ombe ndi mbuzi, ndiwonso nkhuni za mayi amene nkhalango yamuthawa. Wina amaopa chiswe ndi mbozi. Wina amaphimba munda wake bwinobwino, koma anyamata osaka mbewa amauyatsa usiku. Wobwereka munda chaka chimodzi sangabzale mtengo umene phindu lake lidzaoneka patapita zaka zitatu. Ndipo mbiri ikuchenjeza ofuna kukakamiza: m'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkalipiritsa ndi kumanga anthu chifukwa cha malamulo a malimidwe, ndipo chimene linakolola ndi chidani, kotero kuti migula ndi mizere yomwe inasanduka chizindikiro cha ukapolo. Kumene zinthu zayenda, mafumu ndi anthu awo agwirizana okha za nthawi yomasula ziweto ndi chindapusa cha woyatsa moto.

Posachedwapa kwabweranso malonda a kaboni, momwe makampani akunja amalipira kuti mitengo kapena nthaka ya kuno isunge kaboni m'malo mwa utsi wawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyeza kaboni wa m'nthaka n'kodula, kusintha kwake kumachedwa kuoneka, ndipo mapangano ake amamanga munda kwa zaka zambiri. Mphunzitsi kapena wachinyamata wophunzira amene mudzi udzamupempha kuti awerenge pepala lotere ayenera kufunsa kuti adzayeze ndani, gawo la ndalama lofika kwa mlimi ndi lotani, ndiponso adzalipire ndani ngati moto wa osaka mbewa udzadutsa m'mundamo chaka chachisanu.