Mthiko suli m'manja mwa wodwala

Bambo akauzidwa kuchipatala kuti shuga wakwera, magazi akuthamanga ndipo thupi lachuluka, amabwerera kwawo ndi mapiritsi m'thumba ndi malangizo m'mutu: achepetse mchere, mafuta ndi shuga, mitanda ya nsima ichepe, aziyendako. Mapiritsiwo akhoza kumwa yekha. Malangizowo sangawakwanitse yekha, pakuti mthiko suli m'manja mwake. Wopita kumsika ndi wina, wothira mchere m'ndiwo ndi wina, ndipo m'mbale imene iye amadyera mumapisa anthu anayi kapena asanu. Achipatala amalankhula ndi munthu mmodzi, chikhalirecho oyenera kumva ndi khomo lonse.

Matendawa anasiya kale kukhala a mabwana a m'tauni. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wina wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse anali olemera kupyola muyezo. Sitikuiwala kuti kafukufuku yemweyo anapezanso ana 37 pa 100 alionse ali opinimbira, ndi kuti m'midzi yambiri ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota nkhawa ya miyezi ya njala ndiyo imaposa zonse. Koma mavuto awiriwa amagona nyumba imodzi kawirikawiri: mwana akusowa zomanga thupi, gogo wake miyendo ikutupa.

Chopinga choyamba ndi pakamwa pathu. Kwathu kuno kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira, ndipo mimba ikatsogola timati ndalama zalowa. Munthu yemweyo akayamba kutsika thupi mwadala, manong'onong'o amayamba kuchitsime mpaka kudoko: ena amati ali ndi kachilombo, ena amati bizinesi yagwa. Mkazi wake ndiye amasenza mlandu, pakuti alamu ndi apongozi amafunsa ngati mwana wawo akudyetsedwa. Mayi wotere, pofuna kuteteza mbiri ya banja lake, amabwezera mafuta mumphika. Tisadzinamize, manong'onong'o amenewa ndi miseche imene Surat Al-Hujurat, ndime 12, ikuletsa mwamphamvu, ndipo miseche ya mtundu uwu imafikitsa munthu pa kufa ziwalo. Ndime 11 ya sura yomweyo ikuletsa kunyozana ndi kupatsana mayina achipongwe, choncho amene amatcha mbale wake "chimimba" poganiza kuti akumulimbikitsa kuchepetsa thupi nayenso walakwa.

Chopinga chachiwiri ndi chokoma kwambiri moti n'chovuta kuchidzudzula, ndicho kuchereza alendo. Kulemekeza mlendo ndi gawo la chikhulupiriro chathu, ndipo tsamba lino silingauze Msilamu kuti aumire. Koma taonani mmene timachitira. Mlendo wanena kuti ali ndi shuga, ife tatuma kale mwana kukagula chakumwa cha m'botolo, chimene botolo limodzi laling'ono la Coca-Cola lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Akakana, timamuuza kuti za madokotala azisiye kuchipatala, tsiku la munthu analemba ndi Allah. Zoonadi analemba ndi Allah. Koma thupi ndi amana imene tidzafunsidwa, ndipo Mtumiki Muhammad (SAW) anauza munthu wa ngamira uja kuti ayambe waimanga, kenako ayedzamire kwa Mulungu. Wodwala amene akukana botolo lija akumanga ngamira yake, ndipo mwininyumba womukakamiza akuimasula.

Maswahaba anatisiyira chitsanzo cha mmene bwenzi limalowerera pa nkhani ya thupi la mnzake. Imam Bukhari anasunga nkhani ya Salman ndi Abu Darda, amene Mtumiki (SAW) anawalumikiza pa ubale ku Madina. Salman atapita kukacheza, anapeza mkazi wa mnzakeyo wosadzisamalira, chifukwa mwamuna wake anali atatayiratu za dziko: usana kusala, usiku kuswali. Chakudya chitabwera, Salman anakana kudya kufikira mwininyumbayo atadya naye. Usiku Abu Darda atafuna kudzuka, Salman anamubweza kuti agone, ndipo anadzadzuka onse awiri chakum'bandakucha n'kuswali limodzi. Apo ndi pamene anamukumbutsa kuti Mbuye wake, thupi lake ndi banja lake, aliyense ali ndi gawo lake pa iye, ndipo Mtumiki (SAW) atamva anavomereza mawu a Salman. Vuto la Abu Darda linali kudzimana, lathu ndi kupyola muyezo, koma chimene chikutikhudza ndi njira ya Salman. Anakhala pa mbale imodzi ndi mnzake, anagona m'nyumba mwake, anadzuka naye. Ulaliki unabwera pomaliza.

Banja limene lili ndi wodwala liyambire pa mphika. Kumuphikira kamphika kakekake pamene ena onse akudya zonona pamaso pake ndi chilango chimene sichitha mwezi. Chosavuta n'chakuti mphika wa onse usinthe pang'ono. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, amene ndi pafupifupi supuni imodzi ya tiyi, ndipo muyezo umenewu ndi wa aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe. Ife a kunyanja tili ndi mwayi umene ena amachita kugula modula. Usipa, utaka ndi mcheni zimakoma zowamba kapena zophika ndi tomato popanda kuzimiza m'mafuta. Chigwada, bonongwe ndi nkhwani zotendera zili kuseri kwa nyumba. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Hadith imene anailandira Tirmidhi imagawa mimba patatu, gawo la chakudya, la chakumwa ndi la mpweya, ndipo mwana amene wakula akuona makolo ake akusamba m'manja mimba isanafufume sadzafunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi dokotala.

Mwezi wa Ramadhan ndiwo umaulula zonse. Tikasala tsiku lonse, futari yathu imasanduka phwando la masamusa, mandasi, zitumbuwa ndi tiyi wa masupuni anayi, mpaka ena amatuluka m'mwezi wosala atalemera kuposa mmene analowera. Surat Al-A'raf, ndime 31, imatilola kudya ndi kumwa koma imaletsa kupyola malire, ndipo lamulo limeneli silipuma dzuwa likalowa. Palinso china chowawa. Wodwala shuga amene amamwa mapiritsi kapena kubaya insulin akhoza kukomoka shuga akatsika kwambiri masana. Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, inapereka chilolezo kwa wodwala, koma alipo amene amasalabe poopa maso a pakhomo. Ana ake ndi mkazi wake ndiwo ayenera kumuperekeza kuchipatala mwezi usanaoneke, kuti akamve ngati angasale ndi mmene angamwere mankhwala, ndipo akauzidwa kuti asasale, amuphikire masana popanda kumuyang'ana cham'mbali.

Za kuyenda n'zachidule. Akatswiri amati mphindi 150 pa sabata, kapena kuti theka la ola masiku asanu. Mwamuna amene angasiye kabaza n'kuyenda wapansi ndi mnansi wake popita kumzikiti wakwanitsa kale gawo lalikulu. Amayi ndiwo amavutika, chifukwa mayi woyenda yekha mumsewu popanda mtolo pamutu anthu amamufunsa kumene akupita. Magulu a dawa akhoza kuthetsa zimenezi poyenda limodzi, atavala mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Amuna amene angaone ngati n'zachilendo akumbuke zimene Abu Dawud analemba, kuti Mtumiki (SAW) anathamanga mpikisano ndi mkazi wake Aisha kawiri: koyamba anapambana Aisha, ndipo patapita zaka, Aisha atanenepa, anapambana Mtumiki.

Pempho lathu likupita kwa mashehe ndi makomiti a mizikiti. Nkhani imeneyi ilowe mu khutba ya Lachisanu, ndipo ilankhulidwe kwa athanzi, chifukwa odwala anaimva kale kuchipatala. Ophika pa sadaka ndi pa maukwati auzidwe kuti pakati pa odzadya pali odwala, achepetse mchere ndi mafuta m'miphika. Ndipo mzikiti umene unatha kusonkha ndalama za zokuzira mawu ukhoza kugulanso kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi, n'kupempha wazaumoyo wa m'deralo kuti kamodzi pa mwezi aziyeza anthu pakhonde swala ya Ijumaa ikatha, mbali ya abambo ndi ya amayi yomwe.